Wamenyedwa m'mutu? Musadikire kuti kuche

Ndewu ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimabweretsa anthu ambiri ovulala m'zipatala, pamodzi ndi ngozi zapamsewu komanso kugwa. Ochuluka amakhala anyamata ndi abambo, ndipo kawirikawiri mowa umakhalapo, makamaka kumathero a sabata ndi masiku olandira malipiro. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje malo olima ndi ochepa, tsono mkangano wa malire ukabuka, khasu kapena chikwanje chimakhala chili kale m'manja. Amayi ndiye amavulalira m'nyumba zawo, ndipo ambiri akafika kuchipatala amangoti, "Ndagwa."

Bala lotuluka magazi aliyense amalithamangira. Lomwe limatilanda anthu mwakachetechete ndi la m'mutu. Munthu agendedwa mwala kapena amenyedwa botolo, akomoka pang'ono, adzuka, ayankhula bwinobwino, ayenda yekha mpaka kwawo. Achibale n'kumati, "Musiyeni agone, ndi kachasu ameneyu." Chonsecho m'kati mwa chigaza magazi akuchucha ndipo akupanikiza ubongo. Pofika m'mawa mumugwedeza, sakudzuka. Fungo la mowa lisakunamizeni abale, woledzera nayenso amavulala ubongo.

Thamangani naye usiku womwewo ngati anakomokako ngakhale pang'ono, akusanza, mutu ukupwetekerapwetekera, akusinza movuta kumudzutsa, akuyankhula zosokonekera, akugwa ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo wafooka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi. Ngati akudandaula khosi, musamukhazike pa kabaza. Mugonekeni chathyathyathya, mutu usagwedezeke. Pitani ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Mulanje, ku Malamulo, ku Mulanje Mission, ngakhale ku chipatala chaching'ono chapafupi. Zikakula, achipatala amutumiza okha ku Queens ku Blantyre. Wovulala kwambiri ayambe waonana ndi dokotala, za kupolisi zitsatire.

Womenyedwa m'mimba nayenso angathe kutaya magazi m'kati kunja osaoneka kanthu. Akayamba chizungulire, thukuta lozizira ndi mimba kuuma, musamupatse chakudya, nyamukani. Mayi woyembekezera akamenyedwa apite ndithu ngakhale akumva bwino.

Bala lotseguka likanikizeni mwamphamvu ndi chitenje choyera, osamatukulatukula kuti muone. Musathirepo dothi, phulusa kapena ndowe, chifukwa ndi momwe kafumbata amalowera. Mpeni ukatsalira m'thupi musauzule. Bala lolumidwa ndi munthu limaoneka laling'ono koma limatukusira msanga: litsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri, mukalionetse tsiku lomwelo.

Kwa inu amayi ndi atsikana, chonde muuzeni namwino zomwe zachitikadi. Iye safunsa kuti akuchititseni manyazi, akufuna adziwe pofufuza. Ngati munakanyangidwa pakhosi nenani, pakuti khosi limatha kutupa m'kati patadutsa maola. Wogwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, komanso mapiritsi oletsa kutenga mimba, ndipo atenge zovala zomwe anavala osazichapa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kuletsa wokuzunzaniyo kukuyandikirani, ndipo a Victim Support Unit kupolisi angakuthandizeni poyambira. Wovulazidwayo akakhala mwana, imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane.