Gule, mishoni ndi lamulo la ufiti: momwe nkhani ya ku Lilongwe inalowera m'mabuku

Munthu akamawerenga zimene zinalembedwa kale za Achewa a ku Lilongwe, azindikire kaye amene anagwira cholembera. Ambiri mwa olemba oyamba anali amishoni ndi mabwana a boma, ndipo amishoniwo anali pa mkangano ndi eni dambwe. A Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889, n'kutsegula Nkhoma mu 1896. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo mu 1903 anali atakhazikika ku Likuni. Onsewa anapeza mizinda ili kale ndi mabwalo ake, anamkungwi ake ndi malamulo ake.

Chimene ankalimbirana kwenikweni chinali anyamata. Mishoni inkafuna mwana m'kalasi, gule ankamufuna kudambwe, ndipo nyengo yake inali imodzi: anthu akakolola, pamene chimera chilipo, zinamwali ndi mpalo zikuchitika. Mwana akalowa gule ankasiya sukulu milungu ingapo, mwinanso osabwererako. Nawonso a gule, ataona kuti sukulu ikuwatengera ana, anayamba kumeta anyamata aang'ono kuposa kale kuti mphunzitsi awapeze atalowa kale. Mpingo unayankha ndi kudula: mkhristu wopezeka pabwalo ankaimitsidwa mgonero. Amishoni anadandaula kangapo kuboma kuti gule aletsedwe, koma boma la atsamunda silinafune kudana ndi mafumu amene ankalitolerera msonkho, choncho silinamuthetse m'dziko lonse. Mkangano umenewu anaufotokoza bwino Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden mu 1972, ndipo Linden anautambasula m'buku lake la 1974 pogwiritsa ntchito zolemba za tsiku ndi tsiku za ansembe eni akewo.

Eni gule sanalembe buku, koma anayankha pabwalo. Pakati pa zilombo zakale monga Kasiyamaliro, Chadzunda ndi Njovu panatulukira Maliya, Yosefe ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Apa m'pamene akatswiri a zisudzo monga David Kerr ndi Christopher Kamlongera amaonera kuti gule ali ndi zonse za sewero. Chilombo chimavalira ku liunde, malo obisika pafupi ndi bwalo, chimalowa pabwalo ndi mayendedwe akeake, mbalule imatsata mapazi ake pamene ng'oma zina zikugwira kayimbidwe, amayi akuvomereza nyimbo ndi m'manja. Wa mbalule akaphonya phazi, chilombo chimaima n'kumusonyeza kuti walakwa, ndipo bwalo lonse limadziwa. Komabe kunena kuti gule ndi sewero chabe n'kumuchepsa. Pa maliro ntchito yake ndi kuperekeza mzimu wa womwalirayo, n'chifukwa chake ena amati ndi pemphero lalikulu. Za kudambwe sitizilemba pano, ngakhale mabuku ena anazilemba mosapsatira.

Cholakwa chachikulu cha zolemba zoyambazo n'choti gule, nsembe za mvula ndi ufiti anaziponya m'dengu limodzi lotchedwa "zachikunja". Kwa Mchewa izi ndi zinthu zitatu. Gule ndi wa mfumu ya mzinda. Mvula inali ya akachisi, makamaka wa ku Msinja kufupi ndi Dzalanyama, kumene kunali Makewana, mkazi wosakwatiwa amene sankameta tsitsi poopa kumeta mvula, pamodzi ndi atsikana omutumikira otchedwa matsano, njoka ya thunga ndi ng'oma ya mbiriwiri. W.H.J. Rangeley, bwana wa boma, analemba za kachisi ameneyu komanso za Nyau za ku Nkhotakota mu Nyasaland Journal, ndipo ngakhale anali wa boma, ankafunsa akuluakulu mwachifatse kuposa anzake ambiri. Ufiti ndiye sunali mwambo woti munthu aunyadire, unali mlandu.

Mlanduwo unkaweruzidwa ndi mwabvi. Mapondera, munthu wokonza mwabviwo, ankasinja khungwa la mtengo wa mwabvi, kulisungunula m'madzi, n'kumwetsa woganiziridwayo. Akasanza ndiye kuti alibe mlandu, akafa ndiye mfiti. Pa milandu ing'onoing'ono ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Poipira pake ndi poonekeratu: kuchuluka kwa khungwa ndi kasungunulidwe kake zinali m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo khungwalo ndi poizoni wogwira mtima, wosasankha wolakwa. Lamulo la ufiti la 1911 linaletsa mwabvi, linaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, linaletsanso munthu kudzitcha mfiti kapena kugwira ntchito yosaka mfiti. Kwa anthu a m'midzi zinaoneka ngati boma laikira mfiti kumbuyo, popeza womangidwa tsopano anali wodandaula uja. Mpata umenewu ndi umene analowerapo a mchape m'zaka za m'ma 1930, amene anachokera cha ku Mulanje akumwetsa midzi yathunthu mankhwala ndi kuuza anthu kuti atulutse nyanga. Audrey Richards analemba za iwo mu 1935 atawaona kwa Abemba. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a cha ku Chipata, anasonyeza m'buku lake la 1965 kuti otchulana ufiti kawirikawiri amakhala a bere limodzi, olimbirana ufumu, ng'ombe kapena chuma cha malume.

Achewa eni ake atayamba kulemba, analemba ali m'manja mwa mishoni. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch, anatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo mmishoni Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi mu 1934. M'nkhaniyo mwambo wa m'mudzi waufotokoza ngati munthu wokuliramo, koma mathero ake ndi kutembenuka mtima, monga wosindikiza akanafunira. Mbiri ya Achewa, ya mlembi yemweyo, ndiyo inasunga zambiri za Kalonga, Aphiri ndi Abanda. Mu 1946 Kamuzu Banda, akulemba mawu oyamba a buku limene anakonza ndi Cullen Young, anaikira kumbuyo Nyau poyera, ndipo atatenga dziko gule anayamba kuvinidwa pa misonkhano ya chipani, masana, kutali ndi maliro.

Mpingo wa Katolika nawo unasintha kayendedwe. Ku Mua komwe kunali mkangano woopsa, bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni, malo osungirako za chikhalidwe ndi luso, mu 1976 n'kusonkhanitsa zilombo mazanamazana pamodzi ndi nyimbo zake. UNESCO inalemekeza gule mu 2005. Lamulo la 1911 lokha ndilo lakhalitsa: mu 2021 Law Commission, nthambi younika malamulo a dziko, inapereka maganizo oti lisinthidwe kuti livomereze zoti ufiti ulipo, ndipo otsutsa anayankha kuti amene adzavutikepo ndi agogo a m'midzi omwe akuthamangitsidwa kale.