Intaneti ya setilaiti ku Salima: werengerani magetsi musanagule

Chiyambireni Starlink, kampani yopereka intaneti kudzera pa setilaiti ndi dishi, kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, eni nyumba ndi eni maboti kuno ku Salima akhala akufunsa ngati ndi yoyenera ndalama zake. Ngati muli pa boma pomwe Airtel kapena TNM imagwira bwino, ndipo ntchito yanu ndi WhatsApp basi, khalani ndi bandulo yanu. Dishi ndi ya malo ogona alendo ku Senga Bay, sukulu, kapena nyumba ya anthu ambiri komwe netiweki imachita kufunidwa pachulu.

Liwiro lake ndi labwino chifukwa masetilaiti ake ali pafupi, makilomita pafupifupi 550 m'mwamba, pamene masetilaiti akale a intaneti ali pa makilomita 36,000. Chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi magetsi. Dishi yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, ndiye kuti pa maola 10 yamaliza mawati-ola 750 mpaka 1,000. Batire wa asidi wa mavolti 12 ndi 100Ah amasunga mawati-ola 1,200, koma mukamamutsitsa kupitirira theka amafa msanga, choncho anu enieni ndi 600 okha. Magetsi a ESCOM akathima m'mawa, batire mmodzi safika madzulo. Dishi yaing'ono, Starlink Mini, imadya mawati 25 mpaka 40, ndipo batire yemweyo amaikwanira tsiku lonse la ntchito. Kwa wodalira sola, imeneyi ndiyo yanzeru.

Dishi imafuna thambo loyera. Nthambi imodzi ya mango ikatchinga, intaneti imadukaduka pomwe setilaiti ikudutsa kuseri kwake. Imani pomwe mukufuna kuika dishi ndi foni, app ya Starlink ikuonetseni zotchinga musanaboole malata. Mvula yamphamvu imaichedwetsa kwa kanthawi.

Panyanja nkhani ndi ina. Phukusi la intaneti la panyumba limamangidwa ku malo amene munalembetsa. Boti loyenda limafuna phukusi lololeza kuyenda nayo. Waya wochoka ku batire akhale wamfupi ndi wonenepa, apo ayi mphamvu imathera m'njira ndipo Mini imangozima n'kuyaka. Imangeni ndi mabawuti, osati chingwe, chifukwa mwera wa mu June ndi July sunyengerera.

Kwa boti lonyamula alendo kapena katundu kuchoka ku Chipoka, lomwe limapita kutali ndi mtunda, kudziwa zanyengo ndi kuitana thandizo injini ikafa n'kofunika ndalamazo. Msodzi wa usipa wobwerera kudooko m'mamawa aliyense ayambe wagula majekete opulumutsira moyo ndi kathumba kotchinga foni kumadzi.