Mayina a amtengatenga a nkhondo ya 1914: mafunso amene mukubwera nawo

Chimvekereni kuti bungwe la Commonwealth War Graves Commission likufufuza mayina a anthu akuda amene anafera pa nkhondo, ku ofesi yathu yothandiza anthu kufufuza mbiri ya makolo sikukutha alendo. Ena mukubwera ndi zitupa m'manja.

Bungweli ndi lachiyani?

Linakhazikitsidwa mu 1917, ndipo limasamala manda ndi mayina a anthu 1.7 miliyoni amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu.

Kodi kuli chipukutamisozi?

Ayi. Bungweli silipereka ndalama kwa mabanja, ndipo ife sitilembetsa aliyense kuti adzalandire kanthu. Wokuuzani kuti mulipire kuti dzina lilowe m'kaundula akukuberani.

Agogo athu anali mtengatenga, mfuti sanaigwire. Awerengedwa?

N'kutheka, koma sitingakulonjezeni. Nkhondoyo inkadya zipolopolo ndi chakudya chochuluka, ndipo kuno zonsezo zinkayenda pamitu ya anthu popeza kashembe ankapha ng'ombe ndi akavalo. Ku Nyasaland kokha anatengedwa amuna pafupifupi 200,000, ambiri mokakamiza kudzera mwa mafumu. Wonyamula katundu wa asilikali angawerengedwe, koma lamulo likufuna kuti imfa yake ikhale pakati pa 4 August 1914 ndi 31 August 1921, komanso pakhale umboni wolembedwa. Povuta ndi pamenepa. Msilikali wa King's African Rifles anali ndi nambala, pomwe mtengatenga wofa ndi kamwazi m'tchire nthawi zambiri sankalembedwa paliponse. Zimene anakusimbirani agogo aakazi tizilemba mwaulemu, chifukwa zimatilozera kofufuza, ngakhale pazokha sizingakwanire. Ogamula si ife.

Anawasiyiranji poyamba paja?

Linali tsankho, palibe mawu ena. Lipoti la 2021, la komiti imene bungweli linakhazikitsa, linapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ben Wallace, nduna ya chitetezo ya Britain panthawiyo, anapepesa mu nyumba ya malamulo.

Nanga amene anafa pamodzi ndi John Chilembwe mu 1915?

Salowa, chifukwa sankatumikira gulu lankhondo la Britain. Funsoli limatiwawa ifenso, poti Chilembwe ndiye analemba kalata mu 1914 yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza.

Chilipo chimene chatheka kale?

Eya. Mu January 2025 ku Cape Town anatsegula chikumbutso chokhala ndi mayina oposa 1,700 a ogwira ntchito za nkhondo a ku South Africa.