Kodi ma Bruce Lee amene tinaonera pa Kamuzu Road anali angati?

Loweruka lapitali pa baba shopu ina pa Kamuzu Road ku Salima kunatsala pang'ono kuti anthu agwirane makolala chifukwa cha munthu amene anamwalira kalekale mu 1973. Anayambitsa ndi mwana wa achemwali anga, uyu foni siichoka m'manja, waona pa Facebook kuti pa 20 Julayi ndi tsiku limene Bruce Lee anamwalira nde akuwerenga mokweza kuti mkuluyu mafilimu ake a kung fu ndi 5 okha basi, ndipo yachisanuyo sanaimalize n'komwe. Amalume anga anali pampando akumetedwa. Anamukankha dzanja wometa uja, mutu uli mbali imodzi, n'kutembenuka.

"Iwe mwana, wati angati?"

"Agogo, si ine, ndi foni."

"Foni yakoyo inalipo? Ine ndi maso angawa ndaonera ma Bruce Lee oposa 30, amako asanadziwe n'komwe kutsuka mbale."

Baba shopu yonse inagawikana pomwepo, achinyamata mbali ya foni, ife a imvi zoyamba kumene mbali ya amalume koma chamumtima, poti nafenso timakumbuka kuti sabata inali yosatha osaona dzina limeneli pa bolodi la vidiyo sho. Ndiye ndakhala masiku angapo ndikufunsafunsa ndi kuwerenga, ndipo ndapeza kuti nkhaniyi ndi yokoma kuposa mkangano wakewo.

Tiyambe ndi kwathu kuno. Nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe TV, tinali ndi wayilesi ya MBC basi, Television Malawi inadzatsegulidwa mu 1999. Filimu iliyonse imayenera kudutsa kaye ku Censorship Board, malinga ndi lamulo la 1968, ndipo nyumba za kanema zenizeni monga Apollo zinali ku Blantyre, kutali ndi munthu wa ku Salima amene ulendo wake waukulu unali wa sitima. Kanema amene ambiri kuno anayamba kuona anali wa galimoto za boma, za ulimi ndi za misonkhano ya Ngwazi, kenako filimu ya Yesu ija ya 1979 imene achipembedzo amaonetsa pa nsalu pabwalo la sukulu. Izi sindikhalitsapo, aliyense ali ndi nkhani yake.

Za chaka chimene vidiyo sho yoyamba inafika pa Salima, anthu awiri amene ndimawakhulupirira sakugwirizana. Amalume akuti njala ya 1992 isanafike anali ataonera kale Rambo cha kumsika, ndalama yake yochokera ku usipa wa ku Senga Bay. Madala ena amene anali ndi vidiyo sho yawoyawo, pano amagulitsa zipangizo za njinga, akuti ayi, isanachitike riferendamu ya 1993 madeki analipo koma m'nyumba za mabwana ndi m'malo ogona alendo, zoti aliyense amange chisakasa cha mphasa n'kuyamba kulipiritsa pakhomo zinachuluka matipate atabwera. Ine ndikuona ngati onse akunena zoona, wina akukumbuka tsiku limene iye analowa koyamba, winayo akukumbuka nthawi imene inasanduka bizinesi. Chimene onse akuvomereza n'chakuti matepi amachokera kutali, ena ndi anthu obwera ku Joni, ena obwereka ku Lilongwe, ndipo ikamafika kuno tepi imakhala yojambulidwa kuchokera pa inzake imenenso inajambulidwa pa ina, chithunzi chake ngati mukugwa mvula.

Apa nde pali mfundo imene mwana uja sanaiganizire. Pamene ife timamuona Bruce Lee koyamba, munthuyo anali atagona m'manda zaka pafupifupi 20. Ndipo zimene zinachitika m'zaka zimenezo ndi zimene zinadzaza bolodi la pa Kamuzu Road.

Mwachidule, anabadwira ku San Francisco mu 1940, n'kukulira ku Hong Kong. Ku America anatchukako pang'ono ngati Kato mu The Green Hornet cha m'ma 1966, koma Hollywood simamupatsa mpata woti akhale ekita wamkulu, nde anabwerera ku Hong Kong kwa Raymond Chow wa kampani ya Golden Harvest. The Big Boss inatuluka mu 1971, yojambulidwa ku Thailand, ija ya ku fakitale ya ayisi. Mu 1972 kunatuluka ziwiri, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon, yachiwiriyi analemba yekha n'kuitsogolera yekha, ndipo ndi mmene muli ndewu ija ya ku Colosseum ku Rome imene anamuzula Chuck Norris cheya cha pachifuwa, kamphaka kali pambali kakuonerera. Chaka chomwecho anayamba kujambula Game of Death, n'kuisiya panjira chifukwa a Warner Bros anabwera ndi Enter the Dragon, mwayi umene anaudikira moyo wake wonse.

Pa 10 Meyi 1973 anakomoka ku situdiyo akulowetsa mawu mu Enter the Dragon, madokotala anapeza kuti ubongo watupa koma anatsitsimuka. Pa 20 Julayi ali kunyumba kwa Betty Ting Pei, mayi wochita nawo mafilimu, anadandaula mutu, anapatsidwa piritsi lotchedwa Equagesic n'kukagona, osadzukanso. Anali ndi zaka 32. Bwalo lofufuza za imfa ku Hong Kong linati ubongo unatupa chifukwa thupi lake linadana ndi mankhwalawo. Ena sanakhutire mpaka lero, Matthew Polly amene analemba mbiri yake mu 2018 akuti kunali kutentha kwa thupi kopyola muyeso, madokotala ena a ku Spain mu 2022 anati impso zimalephera kutulutsa madzi ochuluka amene amamwa. Kuno kwathu nkhani imene inayenda ndi yoti anamudyetsa poizoni akuluakulu a kung fu chifukwa choulula zinsinsi kwa azungu, imeneyi umboni wake palibe amene anautulutsapo, ngakhale amalume amaikamba ngati anali pakhomo pomwepo. Anakaikidwa ku Seattle, ndipo Enter the Dragon inatuluka ku America mu Ogasiti, mwini wake atamwalira kale.

Tangoganizani tsopano. Dziko lonse langomudziwa kumene munthu, aliyense akufuna filimu yake ina, munthuyo kulibe. Opanga mafilimu ku Hong Kong, Taiwan ndi South Korea sanalire nthawi yaitali. Anayamba kusaka anyamata odziwa masewera, kuwameta tsitsi lofanana, kuwaveka magalasi akuluakulu akuda aja, kuwaphunzitsa kukhudza mphuno ndi chala chachikulu ndi kulira ngati mphaka pomenya theche, kenako kuwapatsa maina. Ho Chung-tao wa ku Taiwan anasanduka Bruce Li. Wina anakhala Bruce Le. Wa ku Korea anakhala Dragon Lee. Kunalinso Bruce Lai ndi Bruce Leung. Mafilimu amenewa anatuluka ambirimbiri mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1980, ina mutu wake ndi The Clones of Bruce Lee, mmene dokotala akupanga ma Bruce Lee atatu kuchokera kwa womwalirayo, ina ya 1977 yotchedwa The Dragon Lives Again ikumuonetsa ali kudziko la akufa akukumana ndi Dracula, James Bond ndi Popeye. Ngakhale Jackie Chan, amene ali mnyamata anamenyedwako ngati mmodzi wa zigawenga mu Enter the Dragon, anayamba wayesedwa kuti alowe m'malomo mu New Fist of Fury ya 1976, sizinayende, mwayi wake unabwera mu 1978 atasiya kukwinya nkhope n'kuyamba zoseketsa mu Drunken Master.

Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi Game of Death yeniyeniyo, imene mwana uja akuiwerenga ngati yachisanu. Golden Harvest inali ndi zidutswa zimene Bruce anajambula mu 1972, zija wavala zachikasu za mzere wakuda, akukwera nsanja kumenyana ndi Dan Inosanto, Ji Han-jae, mpaka pamwamba pamene pali Kareem Abdul-Jabbar, chimunthu cha basketball chija chimene chinamusiyira chidindo cha phazi pachifuwa. Mu 1978 anaitana Robert Clouse, yemwe uja wa Enter the Dragon, kuti amange filimu yonse mozungulira zidutswazo. Mwa zimene Bruce anajambulira filimuyi, zimene zinalowamo ndi mphindi pafupifupi 11 zokha. Kwina konseko ndi Kim Tai-chung wa ku Korea, pena Yuen Biao pofunika kudumpha, atabisa nkhope ndi magalasi, ndevu zomata, chipewa cha njinga yamoto, mabandeji, kapena kungomujambula chakumbuyo. Pali malo ena munthu wakhala pagalasi ndipo anangodula chithunzi cha nkhope ya Bruce n'kuchimata pagalasipo, thupi likuyenda mutu uli phee. Ndipo poti munkhanimo ekita akunamizira kufa, anaikamo zithunzi za maliro ake enieni a ku Hong Kong, bokosi lotsegula, mtembo ukuoneka. Ife tinakhala pabenchi tikuombera m'manja kuti ekita safa, osadziwa kuti tangoona maliro enieni. Ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsembwe.

Ndiye ngati kampani yake yomwe imatha kuchita zotere, mukuti madala a vidiyo sho akanatani? Ndinawafunsa ngati amadziwa kusiyanitsa. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti tepi imabwera yopanda chikuto, pamsana pake palembedwa ndi bolopeni, iwo amatenga choko n'kulemba pa bolodi dzina limene limakoka anthu, nanga Li, Le ndi Lee pakamwa pa Mchewa zikusiyana pati? Akuti akalemba dzina lina lachilendo alovi amangodutsa kupita kukamwa, akalemba Bruce Lee mabenchi amadzaza mpaka ana kukhala pansi kutsogolo. Kumbukiraninso mmene munalili mkatimo, kasikirini kamodzi ka mainchesi 14 kali pamwamba pa tebulo, anthu 60 kapena kuposa, kutentha kwa Salima kwa mu Okutobala, thukuta ndi fungo la usipa, jenereta ikulira kuseri, sipika ili panja kuti okhala kunja amve kuwawa. Ife opanda 50 tambala timaboola mphasa ndi kamtengo n'kumasinthana diso, wina akuona wina akufotokoza. Chingerezi chake palibe amamva, komanso milomo imayenda payokha mawu payokha. Pamenepo munthu ungaone bwanji kuti chibwano cha uyu n'chachitaliko?

Palinso filimu ina imene ndikuganiza kuti inasokoneza mitu kwambiri, No Retreat, No Surrender ya 1986, imene Van Damme ali chigawenga cha ku Russia. Mmenemo mzimu wa Bruce Lee ukubwera kudzaphunzitsa mnyamata wachizungu ku Seattle, ndipo mzimuwo ndi Kim Tai-chung yemwe uja. Kwa munthu wa pabenchi, Bruce Lee ndi Van Damme ali mufilimu imodzi, nde wina adzakuuze kuti anafa 1973? Amalume mpaka pano amati anaona okha.

Tsono kunena chilungamo, pa mafilimu a kung fu amene Bruce Lee anapanga ali wamkulu foni sinaname, anayi omaliza ndi imodzi ya zigamba. Koma mwana uja naye anawerenga mzere umodzi n'kutseka. Bambo ake a Bruce, Lee Hoi-chuen, anali katswiri wa zisudzo za Chikantoni, ndipo mwanayo anayamba kuoneka pa kanema ali khanda, pofika zaka 18 anali atachita mafilimu pafupifupi 20 ku Hong Kong, monga The Kid ya 1950. Mukaphatikiza, nambala ya amalume siili kutali kwenikweni, kungoti amene iwo anaonera si amenewo. Komanso sindikufuna kuwanyoza anyamata obwereka dzina aja ngati mmene amachitira olemba ena pa intaneti. Mateche amene Bruce Li amamenya anali ake, kugwa pa simenti kunali kwake, kompyuta kunalibe, dzinalo anachita kumupatsa ndi opanga mafilimu, ndipo atasiya anabwerera kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi kwawo ku Taiwan. Ana a ku Salima amene tinathyola mipini ya makasu n'kuilumikiza ndi tcheni cha njinga, n'kudzitupitsa nayo pachipumi, mwina theka la ife timatsanzira iyeyo.

Kenako zinthu zinasintha mwachangu, ma CD, mafilimu a ku Nigeria, Aki ndi Pawpaw, kenako omasulira m'Chichewa aja amene Mtchaina amatchula Chipoka ndi Lifuwu, pano aliyense amangobenetsa mu memole n'kukaonera pa foni ali chogona.

Lachitatu madzulo ndinapita kwa amalume ndi mwana uja, tinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Anawatsegulira malo a pagalasi aja, n'kuimitsa pamene pali nkhope yomata. Anatenga foni, kuitalikitsa, kuiyandikitsa, kubwereza katatu. Kenako anati awaikire ya ku Colosseum, anaonera yonse osayankhula mpaka pamene Bruce akufunditsa mtembo wa Chuck Norris malaya ake oyera ndi lamba wakuda pamwamba.

"Uyu nde mwini wake," anatero, akubweza foni. "Koma uja wa atatu mufilimu imodzi, ukandibenere. Ndinalipira kawiri ine imene ija, magetsi anathima pakati."