Mpikisano wa ku Rio de Janeiro sunachitike

Okonda masewera ogwetsana ena amakhulupirirabe kuti Pat Patterson anapata lamba wa Intercontinental pa mpikisano wa ku Rio de Janeiro mu 1979. Mpikisanowo sunachitike n'komwe. Patterson anali kale ndi lamba wa North American, yemwe analanda kwa Ted DiBiase chaka chomwecho. Akuluakulu a WWF, kampani ya masewera ogwetsana ya ku America imene Patterson ankasewerera, anangopeka nkhani ya ku Brazil kuti lamba watsopano wa Intercontinental akhale ndi ulemerero. Masiku amenewo kunalibe intaneti, ndiye akanakafufuza ndani?

Bodzali silinayambe pamenepo. Mu 1963 Buddy Rogers atataya lamba wa NWA, bungwe lina la masewerawa, kwa Lou Thesz ku Toronto, a WWWF (dzina lakale la WWF) anaveka Rogers lamba wawo n'kunena kuti wamupata ku Rio komweko. Amene anamutuliradi thukuta lambayo anthu akuona ndi Bruno Sammartino, yemwe anagwetsa Rogers ku Madison Square Garden m'masekondi 48 okha.