Masekondi 90 a sitima yankhondo

Nkhani ya zida zankhondo ikabuka m'magulu athu a pa WhatsApp kuno ku Harare, kaya ku Mbare kaya ku Mufakose, onse amathamangira kufunsa kuti mzinga umafika patali bwanji. Ife a ntchito za radar, makina oonera ndege ndi mizinga zili patali, timayamba tafunsa za nthawi imene sitima ili nayo isanaphulitsidwe.

Titenge Umkhonto, mzinga wogwetsera ndege ndi mizinga ina, wopangidwa ndi kampani ya Denel Dynamics ku South Africa. Uli pa sitima zinayi za dzikolo: SAS Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi. Dziko la Finland nalonso linaugula. Ndi wautali mamita atatu ndi pang'ono, umalemera makilogalamu pafupifupi 130, ndipo 23 mwa amenewa ndi bomba lenilenilo. Liwiro lake ndi kawiri liwiro la phokoso. Mtundu woyamba unkafika makilomita 12, wachiwiri 15. Wina anganyoze kuti ndi pafupi.

Koma dziko ndi lobulungira, ndipo radar siona kuseri kwa chizimezime. Mzinga wophwanyira sitima ngati Exocet umauluka chokwawa, pafupi kukhudza mafunde. Radar yomwe ili mamita 20 pamwamba pa madzi imauona utatsala makilomita osakwana 30, ngati kuchoka m'tauni kukafika ku Chitungwiza. Exocet imadula mamita oposa 300 pa sekondi, ndiye kuti m'manja muli masekondi 90 basi. M'kanthawi kameneko kompyuta izindikire chinthucho, mkulu wa sitima alamule, mzinga unyamuke. Ngakhale mutakhala ndi wofika makilomita 100, simungawombere chimene simunachione.

Angerezi anazionera pa 4 May 1982 pankhondo ya ku Falklands. Sitima yawo yankhondo ya HMS Sheffield inali ndi Sea Dart, mzinga wofika kutali ndithu, koma Exocet ya Argentina inaiboola osawomberedwa n'komwe. Anthu 20 anafa.

Apa m'pamene Umkhonto ndimaupatsa ulemu. Umakhala choimirira m'zipinda zake pansi pa denga la sitima, umatuluka cholunjika kumwamba kenako n'kukhotera komwe kuli mdani. Palibe zoyamba mwatembenuza chowombera kapena sitima. Uli m'njira, sitima imautumizira uthenga wokonza kolowera. Ukayandikira, diso lake la infrared limatsata kutentha kwa injini ya mdaniyo palokha, motero radar imamasuka kusamala za ena obwera pambuyo. Sea Dart inkafuna kuti radar iunikire chandamale mpaka kumapeto. Kufooka kwa diso lotsata kutentha n'kwakuti mitambo yochindikala ndi mvula zimalichepetsa mphamvu.

Vuto lina anthu salitchula. Sitima iliyonse mwa zinayi zija imanyamula mizinga 16. Ikatha, kudzazanso kumafuna kubwerera kudoko ngati Simon's Town ku South Africa. Mdani wotumiza ma drone (ndege zopanda munthu m'kati) otchipa ambirimbiri, monga anachitira a Houthi a ku Yemen pa Nyanja Yofiira kuyambira kumapeto kwa 2023, amangofuna kuti zipindazo zikhale zopanda kanthu.

Ife kuno ku Zimbabwe tilibe nyanja, ndi zoona. Komabe mafuta amene amafika ku Msasa kuno ku Harare kudzera m'paipi ya Feruka amatsitsidwa ku Beira kuchoka m'sitima, ndipo njira za panyanja zikasokonekera mtengo wonyamulira katundu ndi wa inshuwalansi umakwera.