Opeka nyimbo pa piyano tiwayerekeze bwanji?

Ophunzira anga a piyano akangoilawa jazz, funso lawo limakhala limodzi: "Aphunzitsi, nanga katswiri woposa onse ndi ndani?" Nthawi zambiri amakhala atangomva Art Tatum, mitu itawazungulira. Ndimawamvetsa. Mu 1933 Tatum anajambula Tiger Rag ali yekha, koma womvera amakhoza kulumbira kuti pa piyanopo pali anthu awiri. Chonsecho bamboyu maso ake ankangoona pang'ono zedi.

Tisanayankhe, tidziwe kaye ntchito imene tikuyesa. Woimba wopeka pompopompo sakhala ndi pepala lomuuza noti iliyonse. Amangokhala ndi mafupa a nyimbo, ndiwo ma chord (manotsi angapo oimbidwa pamodzi) ndi kutalika kwa gawo lililonse, ndipo mnofu amauika yekha zala zili kale paulendo. Choncho choyenera kumvetsera ndi zimene akusankha pa mphindi imeneyo. Liwiro ndi chida chabe. Mwa Tatum, tcherani khutu ku ma chord: pamene ena amaika imodzi iye amalowetsa zinayi, n'kupatukira ku kiyi ina, n'kubwerera osaphonya kugunda kwa nyimbo. Komabe mukafananiza zimbale zake za zaka zosiyana, mupeza kuti nyimbo zina ankaziimba mofanana ndithu. Zambiri anali atazikonza kale. Kumbukiraninso kuti zimbale za masiku amenewo, zotchedwa 78, zinkangolola mphindi pafupifupi zitatu mbali imodzi. Tatum womasuka timamumva m'nyimbo zoposa 100 zimene Norman Granz, wotulutsa zimbale za jazz, anamujambula ali yekha kuyambira mu 1953.

Thelonious Monk ndiye amasokoneza muyeso wa liwiro. Ankaimba zala zili zowongoka, ankamenya manotsi oyandikana kuti awombane, ndipo ankasiya mipata imene woimba wina akanachita nayo mantha. Poyamba ena ankati sadziwa piyano. Ine ndimati mipata ija ndiye luso lake, chifukwa kukhala chete pamalo oyenera kumafuna kuti munthu adziwe bwino lomwe pamene kugunda kuli. Pamene ankajambula chimbale cha Thelonious Himself mu 1957, tepi inasunga mphindi zoposa 20 akulimbana ndi 'Round Midnight, nyimbo yake yomwe: akuyamba, akuima, akuyesa chord ina, akubwereranso. Wophunzira aliyense ndimamumvetsera zimenezi, chifukwa umamva munthu akuganiza. Kunena zoona, kwa Monk ndimabwererako kawirikawiri kuposa kwa Tatum.

Tsono palinso nkhani ya chimbale chenichenicho. Chimbale chimasunga tsiku limodzi, piyano imodzi, chipinda chimodzi, ndipo zonsezi zimalowa m'nyimbo. Pa 24 Januwale 1975 Keith Jarrett anafika ku nyumba ya opera ya ku Köln, mzinda wa ku Germany, atatopa, msana ukumupweteka, n'kupeza kuti amuikira piyano yolakwika, yaing'ono ya mtundu wa Bösendorfer, imene inali yosakonzedwa bwino. Manotsi ake a pamwamba anali owonda, a pansi opanda mphamvu. Anatsala pang'ono kukana, koma anaimba, usiku kwambiri, kwa nthawi yopitirira ola, popanda nyimbo yolembedwa yoti atsamirepo pa mbali yaikulu ya konsatiyo. Mvetserani zimene anachita: anakhazikika pakatikati pa piyano, dzanja lamanzere likubwereza kachidutswa kamodzimodzi mwamphamvu kuti mawu adzaze holo. Kubwereza kumene anthu amakukonda mu The Köln Concert, chimbale cha usiku umenewo, kunalimbikitsidwa ndi kufooka kwa chida. Chimbalechi chinagulidwa kuposa chimbale china chilichonse cha piyano yokha mu jazz, koma zimenezo sizikutanthauza kuti ndi usiku umene Jarrett anaimba bwino koposa. Amene amangodziwa Köln amadabwa akamva makonsati ake a ku Japan a mu 1976, momwe muli malo owawa ndi ovuta kutsata.

Pali msampha wina umene ngakhale ine umandikola. Chimbale ukachimvera kakhumi, umaloweza noti iliyonse, ndipo chimene chinali chiganizo cha mphindi imodzi chimayamba kumveka ngati lamulo. Ukamva woimba yemweyo atadzera njira ina, umaona ngati walakwitsa.

Bill Evans yekha sindingamuike pa sikelo imodzi ndi atatuwa, chifukwa ubwino wake waukulu uli m'kumvetsera anzake. Pa 25 Juni 1961 anajambulidwa ku kalabu ya jazz ya Village Vanguard mu New York pamodzi ndi Scott LaFaro pa besi (chida chachikulu cha zingwe cha mawu apansi) ndi Paul Motian pa ng'oma. Kumbuyo mumamveka matambula ndi anthu akucheza. Evans amasiya malo dala, LaFaro n'kulowamo ngati akuyankha, osati kungogwira kugunda monga ankachitira oimba besi ambiri. Patangopita masiku 11 LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 25, ndipo n'zovuta kumvera zimbale ziwiri zotuluka m'tsiku limenelo osaganizira zimenezi. Chisoni chimenecho ndi chathu omvera. Iwo tsiku lija ankangogwira ntchito yawo.

Tsiku limeneli lili ndi phindu lina kwa wofuna kuyerekeza. Nyimbo zingapo anaziimba kawiri, ndipo zimbale zotulutsidwanso pambuyo pake zili ndi maulendo onse awiri. Tengani nyimbo ya Waltz for Debby, mumve ulendo woyamba kenako wachiwiri motsatizana. Chiyambi chikhala chofanana kwambiri, chifukwa chinali chokonzeratu. Dikirani pamene Evans akusiya mutu wa nyimbo n'kuyamba zake, muone pamene njira ziwirizo zikusiyanirana.